A Jemitala, Amene Ankadya Asanapite Kukaunikidwa

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire a Jemitala, omanga katundu a pabwalo lathu la ku Bertrams, pokwezera katundu wopita kumudzi. Palibe anakumbukira, ndipo inenso chinandikumbutsa ndi firiji. Ndinaigula kwa mzungu wina wa ku Sandton amene ankasamuka, nditamulirira umphawi mpaka iye kuyamba kundipepesa. Omanga katundu a masiku ano anaikulunga, n'kuikweza m'ngolo yopita ku Balaka. Galimoto isanatuluke n'komwe pageti, chitseko cha firiji chinali chitatseguka, chikulendewera ngati khutu la mbuzi. Dalaivala anatsika, anayang'ana mfundo za zingwezo, n'kungotchula dzina la a Jemitala. Aliyense wa ife anayang'ana kwake.

Ine kuno ku Joni amanditchula Madilu. Ndimagula zinthu zakale, mafiriji, matiresi, mawailesi, n'kumagulitsa kwa a kwathu amene akutumiza katundu kumudzi. Munda wanga ndi pakamwa. Ndanenererapo mitengo ndi Amwenye, Asomali ndi amayi a Chizulu amene salola kuti uwamwetulire. Munthu amene anandikanika ndi mmodzi yekha, ndipo chimene tinkanenereranacho sichinali katundu. Unali moyo wake womwe.

Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo chaka chonse ankavala ovolo ya buluu yothethekeratu m'mawondo. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma anachokako ali mnyamata kubwera ku migodi, osabwererakonso. Migodi itawasiya analimapo maluwa m'mayadi a ku Sandton, kenako anapeza ntchito imene inawayenera, yomangira anthu katundu wopita kumudzi. Zida zawo zinali chisingano chosokera matumba, chingwe cha nayiloni ndi malegeni. Chingwe chikavuta ankachitukwana m'Chifanakalo, chinenero cha pansi pa mgodi, chifukwa ankati Chichewa ndi chopempherera, sichiyenera kuthera pa zingwe. Katundu wa mudzi wonse anadutsa m'manja mwawo. Anamanga njinga za ana amene lero ali ndi ana awo, malata, makina osokera, mipando ya akwati. Ukawafunsa kuti nanga inu madala mudzapita liti, ankayankha kuti kumudzi munthu amapita m'njira ziwiri, wonyamula sutikesi yake kapena wobwezedwa, ndipo iwo akudikira sutikesi.

Luso lawo lalikulu linali lobisa. Ankakhulupirira kuti katundu woyenda bwino ndi amene sakuonetsa za m'kati mwake, chifukwa chooneka chimaitana manja a anthu m'njira. Wailesi ankaimanga mpaka izioneka ngati thumba la zovala zakale. Ine ndi iwo tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse. Ankakana kumanga firiji yanga asanaimve ikulira, ndipo ikakhala yakufa ankauza wogulayo pamaso panga kuti akutumizira amayi ake kabati ya mtengo wa firiji. Ankanditcha wakuba wovala jekete. Ine ndinkawatcha mtchona wopanda adiresi. Tikatero tinkagawana magwinya, mandasi a kuno, chifukwa m'mawa a Jemitala sankaseweretsa chakudya. Nyemba zogonera, magwinya, botolo la maheu, zonse zinkalowa dzuwa lisanawombe pakhoma.

Tsiku loyamba kupita nawo kuchipatala ndinapita monyinyirika. Anandipempha ndi Nomsa, mwana wawo yekhayo, amene anabereka ndi mayi wa kuno. Nomsa amakhala ku Orange Farm, amakolopa m'maofesi ku Sandton, ndipo tsiku lojomba kuntchito kwa iye ndi nkhani yaikulu. Chichewa amachimva pang'ono, kuyankha amayankha m'Chizulu. Anandiuza kuti miyezi ingapo m'mbuyomo bambo ake anadwala m'mimba, ululu wake wolasa mpaka kumsana, ndipo anasanza masiku angapo osasunga kanthu. Atawaunika kuchipatala chachikulu cha boma anaona kathumba ka madzi pa kapamba, chiwalo chija chimabisala kuseri kwa chifu, chothandiza kugaya chakudya. Kanali kakang'ono ngati dzira la nkhunda. Dokotala anati timatumba totere tambiri sitivuta, munthu amakalamba nato, koma tina timasintha n'kusanduka khansa. Ndiye pafunika kumakayang'ana nthawi ndi nthawi, kuti kakayamba kusintha akachotse kasanafalikire. Lamulo linali limodzi lokha. Wodwala abwere asanadye.

Lamulolo Nomsa anandiuza. Ine ndinawauza a Jemitala dzulo lake, iwo n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamva.

Chipinda chounikiramo chinali cha mdima pang'ono. Makinawo ife timati sikani, a kuno amati sona. Ankawagwiritsa ntchito mayi wina wamagalasi, wolankhula mofatsa. Anawagoneka chagada, anawapaka pamimba mafuta ozizira onanda, n'kutenga kachipangizo konga sopo n'kumakayendetsa pansi pa nthiti. Pagalasi la makinawo pankaoneka zotuwa zokhazokha, ngati kanema wopanda eriyo. Anakanikiza, anawauza kuti akoke mpweya n'kuugwira, anawatembenuza cham'mbali, anawamwetsa madzi. Kenako anaima, anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuwaitana monga a kuno amaitanira agogo.

"Mkhulu, mwadya?"

A Jemitala anayankha monyadira, akuwerengera pazala, nyemba, magwinya, maheu. Anaonjezera kuti iwo si mwana woti n'kubwera pamaso pa dokotala ndi mimba yopanda kanthu.

Mayi uja sanakalipe. Anatilongosolera kuti makinawa saona ndi kuwala. Amatumiza mawu osamveka m'thupi n'kumamvetsera mmene akubwerera, ndipo mawuwo amadutsa bwino m'madzi ndi m'mnofu koma mumpweya amatayika. Munthu akadya, chifu ndi matumbo zimadzaza chakudya ndi mpweya, ndiye kapamba amene ali kuseri kwake amakhala ngati nyumba ya kuseri kwa phiri. Anati lero sakuona bwino, tibwerenso tsiku lina, ndipo tsiku limene anatipatsalo linali kutali, miyezi.

Titatuluka pageti a Jemitala ankayenda ngati munthu wochokera kolandira mphoto. Anandigwira paphewa.

"Ndapasa, mphwanga. Wamva wekha. Sanaone kanthu."

Ndinawauza kuti kusaona bwino ndi kusapezeka kwa kanthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Anandiyang'ana momvera chisoni, monga mmene ine ndimayang'anira munthu wongofika kumene ku Joni amene akulipira mtengo woyamba umene wauzidwa.

Chimene chinali kuseri kwa zimenezi ndinachimva pang'onopang'ono, m'masiku osiyanasiyana, akusoka matumba. Kale munthu asanaloledwe kubwera ku migodi ankayamba wapimidwa. Ankawavula onse, kuwaimika pamzere, kuwakweza pasikelo. Wopepuka ankabwezedwa pomwepo, n'kubwerera kumudzi wapansi, anthu akumuseka. Ndiye achikulire amene anadutsamo kale ankalangiza achinyamata kuti m'mawa wa tsiku lopimidwa adye nthochi ndi chinangwa mpaka pakhosi, amwe madzi mpaka mimba iwawe. A Jemitala anali woonda ngati bango, koma anapasa motero. Kumgodi nako kunali kujambula chifuwa. Chithunzi chikaonetsa mthunzi m'mapapo, munthu ankauzidwa kuti hamba khaya, pita kwanu, n'kumukweza ulendo womwewo. Mkulu wawo weniweni, amene anabwera naye limodzi, anabwezedwa choncho, ndipo sanafike nyengo yokolola. Chimene a Jemitala anaphunzira m'zaka zonsezo n'chakuti chithunzi cha dokotala sichichiritsa munthu, chimangomuchotsa ntchito, ndipo mwamuna wanzeru amapita kopimidwa atakhuta, n'kutulukako asanaonedwe.

Poyamba, ndikhulupirira, anadya chifukwa cha chizolowezi chabe. Koma mayi wamagalasi uja, pofuna kuwathandiza, anawapatsa chida. Tsopano anadziwa kuti nyemba zimatseka maso a makina.

Apa ndi pamene ndinati ndigwiritse ntchito mphatso yanga. Ndinayamba monga ndimayambira ndi aliyense, kuyamikira katundu wa mnzako. Ndinawauza kuti thupi lawo ndi lolimba, kathumbako mwina ndi madzi chabe, angolola kuti akaone kuti Nomsa agone tulo. Anati ngati ndi madzi chabe palibe chokaonera. Ndinatembenuka n'kuyamba kuopseza, kuti kakakula kadzawapha. Anati ngati ndi kakupha, kuli bwino kawaphe ali pantchito kusiyana ndi kuphedwa ndi chithunzi. Ndinawakumbutsa kuti pabwalo pano alibe bwana, palibe angawachotse. Anaseka, n'kunena kuti munthu akadziwika kuti ndi wodwala, anthu amayamba kupatsa ena katundu wawo mwaulemu, ndipo kumeneko ndiye kuchotsedwa kowawa kuposa kwa mzungu.

Ndiye ndinaika wailesi patebulo, yabwino ndithu, yogwira mpaka mawailesi akutali. Ndinati ndi yanu, mukangopita osadya. Anaitembenuza uku ndi uku, anaiyatsa, anadandaula kuti sipikala yake ikunjenjemera, anachita ngati akuisiya. Zonsezi ndi njira zanga zomwe, ndipo ndinkaziona, koma ndinaonjezera bulangete. Anavomera, tinagwirana chanza.

Tsikulo ndinafika pakhomo pawo kusanache bwino, n'kukhala pampando ngati mlonda. Sanakhudze kanthu. Mutakisi ndinakhala pambali pawo, pamzere wa kuchipatala ndinawatchinga kwa amayi ogulitsa zakudya. Atatsala pang'ono kuitanidwa anapempha kupita kuchimbudzi, ndipo munthu wamkulu sungamutsatire kumeneko. Anatuluka milomo ikunyezimira mafuta. Magwinya anali atawasokerera m'kati mwa ovolo, m'thumba limene ine, wofufuza matumba a majekete akale tsiku ndi tsiku, sindinaliganizire. Mayi wamagalasi atangoika kachipangizo kake anapumira m'mwamba. Anayesetsa, anaona kachigawo kochepa, koma mbali imene kunali kathumba kaja inali itaphimbika. Anawachonderera ngati bambo ake omubereka. Iwo anamuthokoza mwaulemu kwambiri, n'kumulonjeza kuti akadzafuna kutumiza katundu kulikonse adzamumangira ulere.

Wailesi sanabweze. Anati pangano linali lopita osadya, ndipo anapitadi osadya, anadyera konko.

Zinachitika choncho kangapo, ndipo pakati pa ulendo ndi ulendo pankadutsa miyezi. Nomsa analira, anakalipa, anasiya kuwalankhula, anayambiranso. Dokotala anafuna kuwatumiza ku makina ena aakulu, a Jemitala tsikulo n'kusowa, kukapezeka madzulo akumanga katundu wa maliro a munthu wina ku Orange Farm. Ine ndinatopa. Munthu wodziwa malonda amadziwa pamene mwini katundu sakugulitsa.

Ndikumbukira zinthu zina zazing'ono za nthawi imeneyo. Anayamba kumanga lamba wa malegeni pamimba, pansi pa ovolo, ati msana umafuna chogwirizira. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni, n'kumakonza mokweza anthu olakwitsa mawu a nyimbo, koma anayamba kuimba atakhala pansi. Dalaivala wina atawabweretsera ufa wa kumudzi ndi masamba ouma, anazinunkhiza nthawi yaitali, n'kuzipereka kwa mayi woyandikana nawo. Anati fungo lakwana.

Amene anawasalitsa kudya pamapeto pake si ine kapena Nomsa, ndi matenda omwewo. Chakudya chinayamba kuwakana. Ovolo inayamba kulendewera ngati yobwereka, maso anasanduka achikasu, ndipo ankadzikanda thupi lonse mpaka kutuluka magazi. Tsiku lina chisingano chinawagwa m'manja, n'kulephera kuwerama kuti achitole. Tinawanyamula ine ndi Nomsa, ndipo ulendo uno m'matumba mwawo munalibe kanthu.

Sindinaonepo chithunzi choyera ngati cha tsiku limenelo. Ngakhale ine, amene sukulu inandikana msanga, ndinaona chinthu chakuda chobulungira pakati pa zotuwa zija, chachikulu ngati chibakera. M'kati mwake munali timakoma ndi tizibuluma toyera tomera m'mbali. Mayi wamagalasi anayeza uku ndi uku, anasunthira kachipangizo kake kudzanja lamanja kumene kuli chiwindi, nakonso kunali madontho. Anawapukuta mafuta aja pamimba ndi manja ake, pang'onopang'ono, chinthu chimene masiku ena onse ankawapatsa pepala kuti achite okha. Kenako anapita kukaitana dokotala.

Anawagoneka m'chipatala masiku angapo. Anawalowetsa kachingwe kokhala ndi kamera kudzera pakamwa kuti aunike chapafupi ndi kutengako madzi a m'thumbamo, anawaikanso kapaipi kotsegula njira ya ndulu kuti chikasu chichepe. Titaitanidwa, dokotala, bambo wachinyamata wa maso otopa, analankhula mosazungulira. Inali khansa, ndipo inali itafika kuchiwindi. Opaleshoni inali yosathekanso. Anati sanganene motsimikiza kuti akanaiona msanga akanachira, koma mpata unalipo. Chotsala chinali mankhwala ochepetsa ululu.

Nomsa anagwira pakamwa. A Jemitala anamvetsera ine ndikumasulira, anagwedeza mutu ngati munthu amene wagwidwa mwachilungamo, n'kukonza kolala ya malaya a chipatala.

"Afunse kuti andibweza liti."

Ndinawafunsa kuti kubwezedwa kuti.

"Kumudzi. Chithunzi chandigwira. Afunse tsiku, ndikonzeke."

Ndinamasulira mmene ndikanathera. Dokotala sanamvetse, mpaka ndinachita kumufotokozera za migodi. Atamva anati chipatala sichibweza munthu kulikonse, akapeza mphamvu akhoza kutuluka n'kupita kunyumba, ndipo mankhwala azidzatengera kukiliniki ya kufupi ndi kumene akukhala.

Ndinawauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati ndabisako mbali ina ya yankho, monga ndimachitira pa malonda.

"Basi? Palibe ondikweza?"

Ndinati palibe.

Moyo wawo wonse anathawa kubwezedwa, ndipo ndikuganiza kuti pansi pa mtima ankadalira komweko. Ankadziwa kuti sutikesi ija sidzakwana, koma ankakhulupirira kuti tsiku lina chithunzi chidzawagwira, wina wake n'kuwakweza ulendo wa ku Ntcheu, iwo osachita kusankha okha kubwerera chimanjamanja. Mutakisi potuluka m'chipatala analankhula titatsala pang'ono kufika. Anangoti kale azungu a migodi anali ankhanza, koma munthu akatha ntchito ankamutaya kwawo.

Ndinayesa. Ndinanenerera ndi dalaivala wa pabwalo mpaka anavomera kuwapatsa mpando wa kutsogolo, wogonekeka. Imeneyo ndiyo dilu yabwino kuposa zonse zimene ndinapangapo, ndipo sinagwire ntchito. Pasipoti yawo inali ya kalekale, yotha mphamvu ine ndisanabwere kuno. Madalaivala atafunsafunsa ku Ntcheu anapeza kuti a msinkhu wawo anatha, otsalawo dzina la Jemitala analimvapo chabe, ndipo pamalo pa makolo awo panamanga anthu ena. Pamene tinkathamanga ndi zimenezi, iwo anali atafika posatha kukhala tsonga ngakhale nthawi yomwera tiyi, ndipo ulendo wa kumudzi ndi wa masiku. Nomsa anawatengera ku Orange Farm. Ndinapitako kukawaona kangapo. Ulendo womaliza anandifunsa ngati ngolo ya sabata imeneyo yanyamuka, ndi amene wamanga. Nditawatchulira anatseka maso, n'kunena kuti ameneyo mfundo zake zimamasuka zikanyowa.

Atamwalira tinawaika konko, m'manda aakulu a mizere yowongoka, pakati pa anthu amene mayina awo sakanatha kuwatchula bwino. Nyimbo zambiri zinali za Chizulu. Ife a kwathu tinalipo ochepa, tinaimba imodzi ya Chichewa, ndipo pa ndime yachiwiri tinasokoneza mawu popanda wotikonza.

Chipinda chimene ankagonamo kuseri kwa bwalo lathu, mwini bwalo anachibwereketsa sabata yomweyo. Malo amene ankakhala masana ali pakona, pakati pa mpopi wa madzi ndi khoma la garaja, pamene mthunzi umakhalitsa. Pakhomapo pali misomali ikuluikulu yopanda chopachikapo, ndipo pansi simenti inakumbika pang'ono pamene ankapondapo pokoka chingwe. Chapamwamba, pa msinkhu wa munthu wamfupi atakhala pansi, pali banga lakuda la mafuta a m'mutu ndi thukuta la msana, looneka bwino mapewa ake. Masiku ano pamakhala anthu odikira galimoto, ambiri ongobwera kumene, atatsamira matumba awo, akuyang'ana mafoni. Pambali wina anaunjikapo matayala akutha, ndipo mvula ikagwa mumaswana udzudzu. Mwini bwalo akuti akufuna kupaka khoma lonse laimu Khirisimasi isanafike. Ndamunenerera kuti asiyeko kachigawo kameneko, ndamulonjeza ngakhale chitofu chamagetsi chabwinobwino. Wandiuza kuti laimuyo wagula kale.